Dongo la Azakhali, Galasi la Kutali

Munthu akaima pa tebulo langa kuti aone ndolo, chala chake chimafikira pa galasi. Ndazionera kwa amayi ochokera ku ofesi, kwa atsikana a ku koleji, ngakhale kwa abambo amene amabwera mozemba kudzagulira akazi awo mphatso. Mkanda wa galasi umaitana wokha. Ukalandira dzuwa umalibweza, diso n'kuthamangira komweko. Winawo, wa dongo, umene umakhala pamwamba pake uli bii kapena psuu, amauona pambuyo, ndipo funso lake ndimalidziwa lisanatuluke pakamwa.

"Asisi, nanga iyi ndi nthanga ya chiyani?"

"Si nthanga, amayi. Ndi dongo."

"Dongo lomweli loumbira miphika? Ndiye mtengo wake mpaka kufika pamenepa?"

Sindiwakwiyira. Tonse tinakula tikudziwa malo a dongo: pa mafuwa, kuseri kwa chitseko kumene kumakhala mtsuko wa madzi akumwa, m'manja mwa anyamata oumba ng'ombe kudambo. Chovala pathupi chinkayenera kuchokera kusitolo, ndipo chikakhala cha kutsidya kwa nyanja ndiye bwino koposa. Koma ine amene ndimalumikiza mikanda iwiriyi pa waya umodzi ndimadziwa umene wadya thukuta lambiri, ndipo zimandipweteka kuti umenewo ndi umene anthu amaunyoza pa mtengo.

Mikanda yanga ya dongo amaumba ndi azakhali anga, kumudzi kwathu ku Dedza. Kuumba anayamba ali mtsikana. Kale pakhomo pawo sipankatha anthu: uyu akufuna mphika wa ndiwo, uyo mbiya yofululira mowa, winayo mtsuko wopatsa mwana wake amene akulowa m'banja. Malipiro ake anali chimanga chodzaza mphika womwewo. Kenako kunabwera ndowa za pulasitiki ndi mapoto, zopepuka, zosasweka mwana akapunthwa pochokera kumjigo. Sindinganene kuti amayi analakwa kuzisankha. Amene anasenzapo mtsuko wodzaza n'kukwera nawo chitunda amadziwa. Koma ntchito ya azakhali inachepa mpaka kutsala ya timiphika ta nyemba ndi ta maluwa, ndipo mwa ana onse a pamudzipo panalibe wokhala pambali pawo kuti aphunzire.

Nditawapempha kuti andiumbire tinthu tating'ono tobulungira, tobooka pakati, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, ukufuna ndikuumbire zidole pa ukalamba wanga uno?"

"Ayi, azakhali, ndi mikanda. Anthu azivala m'makutu."

"Dongo m'khutu?"

Ankafunsa akuseka, koma zala zawo zinali zitatsina kale kachidutswa pa mulu umene unali pambali, n'kuyamba kukabulungiza pachikhatho.

Dongo lake ndi lomwelo, la m'mphepete mwa dambo, pamalo pamene amayi awo ankakumba. Amadutsa dothi lakuda la mizu mpaka apeze lotuwa, lomata, limene ukalipinda pa chala siling'aluka. Chimene chinasintha ndi kakonzedwe. Mphika umalola mchenga, ndipotu umaufuna pang'ono kuti usang'ambike pamoto. Mkanda, umene kukula kwake sikuposa nzama, sulola ngakhale kamwala kamodzi. Kakatsalamo kamaung'amba pakati. Ndiye dongo la mikanda amaliumitsa kaye, kulisinja, kulisefa ndi sefa yakale ya ufa, kuliviika, kulikanda, n'kulikulunga m'masamba a nthochi kuti ligone masiku angapo. Amati dongo logona limamvera, ndipo ndaona ndi maso kuti la tsiku lomwelo limachita makani, limang'ambika m'mbali ukalipanikiza.

Kubulungiza aliyense angathe. Pamene pagona luso ndi pa bowo. Ukaboola dongo likadali lofewa, mkanda umaphwatalala m'zala. Ukachedwa, umang'aluka. Pali kanthawi kochepa pamene kunja kwauma koma mkati mukadali chinyezi, ndipo azakhali amakadziwa pogunditsa mkandawo pa mlomo wawo kuti amve kuzizira kwake. Amaboola ndi sipoko ya njinga yonola, kuyambira mbali ino kufika pakati, kenako kutembenuza n'kuyambira mbali inayo, kuti potulukira pasatukuke. Amakumbukiranso kuti dongo limanyala pouma ndi popsa, nthawi zambiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, choncho bowo liyenera kuyamba lili lokulirapo, apo ayi waya sudzalowa. Bowo lokhota pa mkanda wa m'khosi limabisala pakati pa anzake. Pa ndolo lilibe pobisala. Mkanda umalendewera wokha pambali pa tsaya, ndipo ukapendekeka aliyense amaona, ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Ukalimba pang'ono, pamabwera nkhulungo. Yopangira miphika ndi yaikulu, ndiye anatola kamwala kosalala kumtsinje kokwana pakati pa zala ziwiri. Mkanda uliwonse amaukulungiza pawokha, kuuzunguliza, kuukhula, mpaka khungu lake liyambe kunyezimira popanda utoto uliwonse. Ndinakhalapo nawo masana athunthu pa khonde akuchita zimenezi, akukamba za maliro a kutsidya ndi za mtengo wa feteleza, maso ali kwina, zala zikudziwa zokha. Ina amaidinda ndi mano a chipeso kapena nsonga ya udzu, timizere tomwe tija timene ankadinda pa phewa la mtsuko. Munthu wa kwathu akaona ndolo zimenezi amatizindikira timizereto asanauzidwe, ndipo ameneyo safunsa za nthanga.

Kuumitsa ndi mumthunzi, m'nyumba, mosathamanga. Madzi akatsalira mkati amasanduka nthunzi pamoto n'kuphulitsa mkanda. N'chifukwa chake nkhungu ya ku Dedza ya mu Juni ndi Julaye siigwirizana ndi ntchitoyi, ndipo mikanda yabwino imatuluka kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe. Kuwotcha amawotchera limodzi ndi miphika, madzulo mphepo ikaleka, pansi pa mulu wa nkhuni, makungwa ndi zitsononkho. Poti tinthu tating'ono tingasowe m'phulusa, amatiika m'chitini. Apa ndi pamene mtundu umasankhidwa. Chitini akachidzaza utuchi kapena mankhusu n'kuchivindikira, utsi umasowa kolowera n'kulowa m'dongo, mikanda n'kutuluka yakuda bii. Akaiyala poyera pa phale, mpweya umakumana ndi chitsulo chimene chili m'dongomo, mikanda n'kufiira. Ina imagwidwa ndi zonse ziwiri, mbali ino yakuda, mbali inayo yofiirira, ndipo imeneyi ndi imene ndimaikonda koposa. Moto wotere wapoyera umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900. Ndi wokwanira kuti dongo lisinthiretu, lisadzabwererenso kukhala matope. Kuti atsimikize, azakhali amagunditsa mikanda iwiri pafupi ndi khutu. Yakupsa imalira mokweza, yaiwisi imangoti phwa. Ine ndikafika nayo ku Lilongwe ndimaigoneka m'madzi usiku wonse. Imene yasungunuka m'mbali siipita pa khutu la munthu.

Pa tsiku lowotcha ali ndi malamulo awo a makolo, onena za amene ayenera kuyandikira moto ndi amene sayenera. Sinditsutsana nawo. Ndi iwo amene asunga ntchitoyi zaka zonsezi, ndipo malamulowo anawalandira pamodzi ndi nkhulungo.

Sikuti dongo silinalemekezedwepo m'dziko muno. Pa boma pathu pomwepo pali Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, ndipo alendo amapatuka mu msewu wa M1 kukagula makapu ndi mbale zojambulidwa. Zoumba za mtundu umenewo zimapsera mu uvuni, pa moto wa madigiri cha m'ma 1,200, zitapakidwa glaze, mankhwala amene amasungunuka n'kusanduka khungu la galasi pamwamba pa dongo. Ku Kenya, mu 1975, Susan Wood anayambitsa Kazuri ku Karen, m'mbali mwa mzinda wa Nairobi, ndi amayi awiri okha oumba mikanda ya dongo. Inakula mpaka kulemba amayi mazanamazana, ambiri mwa iwo olera okha ana, ndipo mikanda yawo yafika m'masitolo a maiko akutali. Ndinaigwirapo, ndi yokongola, yowala mitundu yonse. Koma ndikaiika pambali pa galasi, ziwirizi zimalimbirana diso, chifukwa zonse n'zonyezimira. Wa azakhali sulimbirana. Umamwa kuwala, n'kusiya galasi lilankhule, ndipo galasilo limamveka bwino chifukwa chakuti pambali pake pali chinthu chofatsa. Mkanda wa buluu uli wokha ndi wa m'sitolo basi. Ukakhala pansi pa wakuda wa utsi, umazama.

Galasi ndi mlendo kwathu kuno, koma mlendo wakalekale. Ukatsika phiri kuchokera kwathu kudzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, n'kulowera cha ku Mtakataka, uli pafupi ndi Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku limene linatuluka mu 2020. M'nthaka imeneyo munali mapale ambirimbiri a miphika youmbidwa komweko, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu, zidutswa za mbale za ku China, ndi mikanda ya galasi, yambiri ya mtundu umene akatswiri amati unkapangidwa ku India. Inkawoloka nyanja ya mchere ndi zombo zoyendera mphepo, n'kukwera kumtunda m'mitolo ya amalonda mpaka kufika m'mphepete mwa nyanja yathu. Ku Zambia, pa Ingombe Ilede pafupi ndi Zambezi, mu 1960 anapeza manda a anthu oikidwa ndi mikanda ya golide ndi ya galasi. Kum'mwera, kufupi ndi Mapungubwe m'chigwa cha Limpopo, anthu a zaka pafupifupi 1,000 zapitazo sanakhutire ndi kugula kokha: ankaphwanya timikanda takunja, n'kutisungunula m'zikombole za dongo kuti apange mikanda ikuluikulu yawoyawo.

Nditamva za Mankhamba mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaganiza kuti kuphatikiza dongo la kumudzi ndi galasi la kutali ndi nzeru yanga ya m'tauni. Chonsecho ziwirizi zagonera limodzi m'nthaka ya kwathu zaka mazana angapo, phale la mayi wina woumba pambali pa mkanda umene unayenda miyezi kuti umupeze. Mayi ameneyo mwina ankaumba masana, madzulo n'kumanga mikandayo m'khosi popita kubwalo.

Timikanda ting'onoting'ono timene timagulitsidwa m'mapaketi timapangidwa mwanjira imene sinasinthe kwenikweni. Mchenga amausungunula pamodzi ndi soda ndi laimu pa moto waukulu. Mu phala la galasilo amasiyamo mpweya pakati, n'kulikoka kuti litalike, ndipo mpweya uja umatalika nalo limodzi n'kukhala bowo. Kachubu kameneko amakadula tizidutswa, n'kutitenthetsanso kuti m'mbali mufe makwanya. Mtundu umachokera ku zitsulo: cobalt amapereka buluu wozama, mkuwa umapereka wobiriwira ndi wa mtambo, ndipo golide pang'ono chabe amafiiritsa galasi. Ku Ulaya ntchitoyi inakhazikika pa chilumba cha Murano, kumene akuluakulu a mzinda wa Venice anasamutsira opanga galasi mu 1291 poopa moto, ndipo kenako ku Jablonec nad Nisou m'dziko la Czech, kumene mpaka lero kumachokera mikanda yofanana bwino kukula kwake.

Apa pali mbali imene sindiidumpha. M'zaka za m'ma 1800 mikanda ya ku Ulaya inalowa mu Africa yochuluka zedi, ndipo inali ndalama. Pamodzi ndi nsalu, waya wa mkuwa ndi mfuti, inkagula minyanga, inkagulanso anthu. Ku Nkhotakota, pa doko la Jumbe, anthu ogwidwa m'midzi ankawolotsedwa nyanja pa zombo n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Katundu amene ankabwera mbali inayo anali ndi mikanda mkati. Nthawi zina ndikathira timikanda tofiira m'mbale, phokoso lake lili waa, ndimaganiza za mayi amene mwana wake anawerengedwa ndi tinthu totere. Mkandawo ulibe mlandu. Koma amene amaugwira tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kumene unadutsa, ndipo ine zimandichititsa kusamala ndi nkhani ya malipiro, kuti pa tebulo langa pasapezekenso munthu amene thukuta lake lagulidwa motchipa chifukwa cha chinthu chowala.

Ngakhale zinali choncho, makolo athu anaulandira mkanda n'kuupatsa ntchito zawozawo. Angoni akasonkhana pa Umhlangano ku Ntcheu kapena pa Umthetho ku phiri la Hora, mikanda imakhala pamutu, m'khosi ndi pachifuwa, yolukidwa mwaluso. Anamkungwi ali ndi mikanda yawo ya m'chiuno ndi matanthauzo a mitundu yake, zimene sizikambidwa pagulu. Kuboola thupi kuti livale chokongola nakonso si kwachilendo: amayi achiyao ali ndi chipini chawo pamphuno, ndipo David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza amayi achimang'anja atavala pelele pa mlomo. Ife a m'badwo wathu anatiboola makutu ndi singano yotenthetsa pamoto, n'kusiyamo ulusi, kenako kaudzu kuti bowo lisatsekeke. Ndolo zoyamba zinkabwera pa Khirisimasi.

Galasi limene ndimalifuna kwambiri masiku ano ndi lopangidwa pamanja, mkanda umodziumodzi. Lina amalipanga pa lawi la gasi: wopangayo amasungunula nsonga ya ndodo ya galasi n'kuikulunga pa kachitsulo kowongoka, akuzunguliza osaleka kuti isadonthe. Kachitsuloko amakapaka kaye phala la dongo kuti galasi lisamatirire, ndiye ngakhale kumeneko dongo lilipo, likugwira ntchito mobisika. Mkanda wotere ukatha uyenera kukhala mu uvuni wa madigiri cha m'ma 500 n'kuzizira pang'onopang'ono. Akaupupuluma, kunja kumazizira mkati mukadali moto, ndipo umasunga mng'alu wosaoneka umene udzatulukira tsiku lina pa khutu la munthu. Pogula ndimauyang'anira kudzuwa, kufufuza kamzere mkati, n'kupisa chala pa bowo kuti ndimve ngati m'mbali mwake muli mothwa. Wothwa umadula ulusi, umakanda waya, umadyanso mnzake wa dongo.

Koma amene ananditenga mtima ndi a Krobo, kum'mawa kwa dziko la Ghana. Iwo amatola mabotolo osweka, kuwasinja mpaka akhale ufa, kuusefa, n'kuuthira m'zikombole za dongo. Pakati pa chikombole chilichonse amaimika kaphesi ka tsamba la chinangwa. Mu uvuni, umene amaumanga ndi dothi la pachulu, ufa wa galasi umagwirana, kaphesi kaja kamapsa n'kusiya bowo. Mikanda yake siiwala mothobwa m'maso. Ili ndi khungu lokhakhala pang'ono, ndipo imagwirizana ndi ya azakhali kuposa ina iliyonse. Imandipeza kudzera mwa amalonda oyenda maulendo, pa mtengo wowawa. Ndikaiyang'ana ndimawerenga zimene zimafunika: mabotolo osweka, mtondo, sefa, dongo, chulu, chinangwa, nkhuni. Palibe chimodzi chimene tilibe. Mabotolo ali mbwee kuseri kwa malo omwera aliwonse, akucheka mapazi a ana. Ndikulakalaka mnyamata kapena mtsikana wina wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, kumene chinangwa chili pakhomo, atapita kukakhala pansi ndi a Krobo n'kubwera nalo lusoli. Ine ndingakhale woyamba kumugula.

Kulumikiza ndiye gawo langa, ndipo woweruza wake ndi khutu. Diso likhoza kukonda ndolo yaikulu, koma kansonga ka khutu ndi kanyama kofewa kopanda fupa. Ndolo yolemera imayamba bwino m'mawa, pofika masana mwini wake wayamba kuigwiragwira, madzulo ili m'chikwama ndipo siidzavalidwanso. Ikavalidwa zaka, bowo limatalika mpaka kung'ambika. Tonse tawaonapo amayi a makutu ong'ambika. Galasi ndi lolemera kuposa mmene limaonekera, ndipo apa dongo lowotcha poyera limathandiza, chifukwa ndi lopepukirapo. Ndili ndi kasikelo kakang'ono, ndipo lamulo langa ndi lakuti ndolo imodzi isapitirire magalamu 6. Wina akaumirira zazikulu za pa chinkhoswe, ndimamuuza kuti azivale pa mwambo pokha, akafika kunyumba avule.

Chimene chimalowa m'thupi la munthu ndi kambedza, ndipo ndi chimene ogula sachiyang'ana n'komwe. Timbedza totchipa ta m'mapaketi nthawi zambiri timakhala ndi nickel, chitsulo chimene matupi a anthu ambiri amadana nacho. Khutu limayabwa, kufiira, kutuluka madzi, munthu n'kumati ndolo sizimuyanja, pamene chosamuyanja ndi chitsulocho. Ine ndimagwiritsa ntchito siliva wolembedwa 925, kutanthauza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva weniweni, kapena chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wabwino. Waya wa mkuwa wochokera m'mamota akale ndi wokongola pokulunga ndi pokongoletsa, ndipo mtundu wake umakwatirana ndi dongo lofiira, koma m'khutu sindiulowetsa, chifukwa ukakumana ndi thukuta umasiya zobiriwira. Timbedza tambiri ndimapinda ndekha ndi waya wa mamilimita 0.8, kuukulunga pa cholembera kuti ukhote bwino. Ndikadula, nsonga yake ndimaipala ndi tupa mpaka ndikaikhudzitsa pa mlomo isandikande. Ntchito imeneyi palibe amene amaiona, ndipo wovala akapanda kuimva ndiye kuti yatheka.

Pa waya ndimayamba ndi galasi pansi, kuti kulemera kwake kuwongole ndolo. Pakati pa galasi ndi dongo ndimaikapo kamkanda kakang'ono kapena kambale ka mkuwa, chifukwa galasi ndi lolimba, ndipo ziwirizi zikamakhulana poyenda, lodyeka ndi dongo. Pamwamba ndimapinda waya ndi pulayala ya milomo yobulungira, kupanga kadiso, n'kuukulunga pakhosi pake kawiri kapena katatu kuti kasatseguke ndolo ikakodwa mu duku. Kadisoko kayenera kukhala pakatikati penipeni. Mikanda ya dongo ndimaipaka phula la njuchi pang'ono n'kuipukuta ndi kansalu, kuti thukuta ndi mvula zisalowe msanga. Ikavalidwa miyezi ingapo imadera ndi mafuta a thupi la mwini wake, n'kuwala kuposa tsiku limene anaigula.

Nthawi yambiri imathera posankha awiriawiri. Ndimayala nsalu yoyera m'lichero, kukhuthulira mikanda, n'kukhala pa khonde m'mawa, chifukwa kuwala kwa babu kumanamiza mitundu. Ya azakhali palibe iwiri yofanana ndendende. Kulemera ndi kutalika ndiye ndimaumirira kuti zifanane, poti khutu limamva ndipo galasi loonera nkhope limaulula. Koma mabala a utsi ndimawasiya asiyane. Ina imakhala m'kabotolo chaka chathunthu yosapeza mnzake, mpaka moto wina udzatulutse woyenerana nayo.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja pa tebulo langa chinakwera nthawi yomweyo: galasi, siliva, ngakhale timapepala toikamo ndolo. Wa sitolo akatchula mtengo watsopano palibe amene amatsutsa. Timangoti ndi dola, n'kulipira. Dongo silidikira dola. Koma pa chifukwa chomwecho anthu amaganiza kuti ndi laulere, ndipo amene amaganiza choncho kwambiri ndi azakhali eni ake. Poyamba ankafuna kundiyezera mikanda ndi kapu ngati mtedza.

"Tenga, mwanawe, ungondigulira sopo ndi mchere. Ndi dothi ili, ndinagula kwa yani?"

"Azakhali, kudambo anapita ndani? Anasinja ndani? Masana onse aja ndi kamwala m'manja?"

"Nanga munthu n'kugulitsa mwana wa mlongo wake?"

"Simukugulitsa ine. Mukugulitsa amayi a ku Lilongwe, ine ndangokhala wonyamula."

Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti mkanda uziwerengedwa umodziumodzi, ndipo wa dongo wopsa bwino, wa bowo lowongoka, mtengo wake usatsike pansi pa wa galasi umene ndidzauphatikize nawo. Galasi likakwera, wawo ukwerenso. Zimenezi zimakweza mtengo wa ndolo zanga, ndipo ogula ena amachoka osagula. Ndimawalola apite. Amene atsala ndimawauza dzina la mudzi, ndimawaonetsa timizere ta chipeso, ndimawafotokozera za chitini ndi utuchi. Ambiri akamva amautembenuza mkandawo m'zala kachiwiri, mwaulemu wina, ndipo ena amabweranso kudzafunsa ngati azakhali angawaumbire mphika weniweni wa nyemba.

Ndalama ikayamba kulowa pakhomo, ana amaona. Mdzukulu wawo wina wamkazi, wa sitandade 7, wayamba kukhala pa khonde akaweruka kusukulu. Kubulungiza wakutha, nkhulungo akuigwira bwino, koma mabowo ake akadali okhota, ndipo azakhali samunyengerera: wokhota amauphwanya usanapse n'kuubwezera pa mulu wa dongo, mwanayo akuyang'ana. Iye amatsinanso lina n'kuyambiranso. Azakhali akuti bowo lake likawongoka adzamulola kuika yake m'chitini cha mu Okutobala, ndipo ine ndawauza kale kuti ya mwanayo ndidzaigula pa mtengo womwewo.